Amene Wabindikira Chifukwa cha Ife

Pa malamulo onse amene maboma anakhazikitsa nthawi ya mliri wa Covid-19, lobindikiritsa anthu ochokera kunja ndi limene limafuna kulilingalira mofatsa kwambiri. Wodwala akagonekedwa m'chipinda chayekha kuchipatala amadziwa chifukwa chake, popeza thupi lake lomwe limamuuza. Wakuba akatsekeredwa pamakhala mlandu ndi umboni. Koma wapaulendo amene waimitsidwa pachipata cha dziko n'kuuzidwa kuti safika kwawo mpaka patatha masiku 14, kawirikawiri sakumva kupweteka paliponse ndipo sanalakwire munthu. Akusungidwa chifukwa cha chinthu chimene mwina ali nacho, mwinanso alibe. Ufulu wake woyenda ukulandidwa kwa kanthawi kuti anthu ena, amene sakuwadziwa n'komwe, akhale otetezeka.

Ine ndimakhulupirira kuti boma lili ndi mphamvu yochita zimenezi, ndipo nthawi zina likapanda kutero limakhala lalephera udindo wake. Ndimakhulupiriranso kuti tsiku limene boma latseka geti kumbuyo kwa wapaulendo, dziko lonse limalowa m'ngongole kwa munthuyo. Iye wapereka masiku ake. Ife tiyenera kubweza ndi chakudya, madzi, pogona, uthenga woona ndi ulemu. Zaka za mliri zinaonetsa kuti kumene ngongoleyi inalipidwa, lamulo linagwira ntchito, ndipo kumene inaiwalidwa, mpanda ndi apolisi sizinathandize.

Chifukwa chobindikiritsira munthu wooneka wathanzi chili m'khalidwe la kachiromboko. Kachirombo ka korona kakalowa m'thupi sikaonekera tsiku lomwelo. Ambiri ankayamba kumva zizindikiro patatha masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, ena mpaka masiku 14, ndipo ena sankadwala n'komwe koma ankapatsira anzawo. Kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, kamene tinkalozedwa nako pamphumi m'zipata ndi m'mabwalo a ndege, kankaphonya anthu otere. Ngakhale kuyeza kwa m'mphuno kuja kumatha kusonyeza kuti munthu alibe kachirombo ngati wakatenga dzulo kapena dzana m'basi. Chimene chimatsala ndi kudikira basi, kuti ngati matenda alimo atulukire munthuyo asanafike pakati pa anthu.

Nzeruyi ndi yakale. M'chaka cha 1377 mzinda wa Ragusa, umene lero ndi Dubrovnik ku Croatia, unalamula kuti ochokera kumadera a mliri azikhala kaye masiku 30 kunja kwa mzinda. Umboni woopsa kwambiri wa ubwino wake unaoneka m'nyanja ya Pacific mu 1918. Mu Novembala chaka chimenecho sitima yotchedwa Talune inakocheza padoko la Apia ku Western Samoa, dziko limene linkalamulidwa ndi New Zealand. M'sitimamo munali odwala fuluwenza, koma anthu analoledwa kutsika. Pasanathe miyezi iwiri anthu pafupifupi 8,500 anali atamwalira, kutanthauza munthu mmodzi pa asanu alionse. Pazilumba zoyandikana nazo za American Samoa, bwanamkubwa John Martin Poyer anakhwimitsa madoko n'kumabindikiritsa obwera, ndipo kumeneko fuluwenzayo sinaphe munthu ndi mmodzi yemwe. Amene amati mbindikiro ndi nkhanza chabe ayenera kuyamba wayankha za manda a ku Apia.

Funso lovuta lagona pa kachitidwe kake, ndipo ife Amalawi tili ndi nkhani yathuyathu yoti tiphunzirepo.

Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lino lili pangozi, ndipo pa 2 Epulo anthu atatu oyamba anapezeka ndi kachiromboka. Ndege zonyamula anthu zinali zitaimitsidwa kale kuyambira pa 1 Epulo. Koma khomo lalikulu lolowera m'dziko muno kwa anthu wamba silinali bwalo la ndege. Linali msewu wochokera ku Joni. Dziko la South Africa linatseka ntchito ndi maulendo kuyambira pa 27 Malichi. Malo odyera, masaluni, ntchito zomanga ndi maganyu a m'nyumba za anthu, kumene abale athu ambiri amapezerako ndalama, zonse zinaima tsiku limodzi. Lendi inkafunikabe, chakudya chinkafunikabe, ndipo thandizo la boma la kumeneko silinkawafikira ambiri mwa iwo. Pofika mwezi wa Meyi, anthu amene kwa zaka zambiri ankatumiza ndalama za feteleza, za fizi ndi za malata kumudzi anayamba kugulitsa katundu wawo kuti apeze ya basi yobwerera.

Amene anayendapo ulendowo amaudziwa kulemera kwake ngakhale nthawi ya mtendere. Basi imanyamuka ku Johannesburg, kudutsa pa Beitbridge, Harare ndi Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kufika pa Zobue, kenako pa Mwanza. Ndi masiku awiri kapena atatu munthu ali pampando umodzi, miyendo itatupa, zikwama zili pamiyendo, ana akulira, mawindo otseka chifukwa cha kuzizira kwa usiku. Ngati m'basimo muli mmodzi amene ali ndi kachirombo, pofika pa Mwanza sakhalanso mmodzi. Achipatala anali ndi chifukwa chomveka chofunira kuyeza aliyense. Ankalowetsa kamtengo ka thonje m'mphuno mpaka misozi kulengeza, n'kulemba dzina ndi mudzi. Koma malo oyezera anali ochepa, ndipo zotsatira zinkatenga masiku. Anthu mazanamazana anafunika kusungidwa penapake podikira.

Penapakepo, kwa ambiri, panali pa Kamuzu Stadium ku Blantyre. Chakumapeto kwa Meyi 2020, nyengo yozizira itayamba, anthu oposa 400 obwera kuchokera ku South Africa anatuluka m'bwaloli zotsatira za ambiri zisanatuluke. Ena analumpha mpanda, ena anangodutsa pageti ndi zikwama zawo. Atolankhani amene anafikapo anamva madandaulo a chakudya, madzi ndi zimbudzi, ndipo apolisi ndi azaumoyo anati analibe zovala zodzitetezera zokwanira kuti awagwire. Ena mwa otulukawo anali ndi kachiromboko. Anakwera maminibasi ndi mabasi kupita m'maboma osiyanasiyana. M'masiku omwewo chiwerengero cha opezeka ndi matendawa m'dziko muno chinawirikiza kawiri pasanathe sabata, ndipo ambiri mwa atsopanowo anali obwera kuchokera kunja.

Anthu ambiri anakwiya, ndipo mkwiyowo unali ndi maziko. Munthu amene akudziwa kuti mwina ali ndi matenda opatsirana n'kukakhala m'minibasi pafupi ndi agogo a mnzake, waika moyo wa wina pachiswe. Zimenezo siziyenera kuchepetsedwa. Komabe anthu 400 akachita chinthu chimodzi tsiku limodzi, kunena kuti onsewo ndi osamvera sikufotokoza kanthu. Mayi amene wayenda masiku atatu ndi mwana kumsana, wafika m'dziko lake, kwawo kwatsala mtunda wa maola awiri, ndipo wauzidwa kuti adikire pabwalo la mpira popanda womuuza kuti zotsatira zibwera liti ndi kuti mwana adya chiyani madzulo, amayamba kuwerengera mwanjira ina. Amaonanso kuti pamene wasungidwapo pali anthu ochuluka, ogwiritsa ntchito zimbudzi zomwezo, moti ngati anafika alibe matenda akhoza kuwatengera pomwepo. Malo obindikiritsira anthu akakhala othithikana amasanduka malo ofalitsira chimene akufuna kuletsa.

Sitinali tokha. Ku Kenya anthu anathawa m'malo obindikiritsira mu Epulo 2020 atauzidwa kuti azilipira okha, ndipo masiku awo ankawonjezeredwa wina akapezeka ndi kachirombo. Ku Zimbabwe apolisi ankasakasaka anthu oposa 100 amene anathawa m'masukulu ndi m'makoleji momwe ankasungidwa. Nkhani yake inali yofanana kulikonse. Lamulo linkalengezedwa pawailesi mofulumira, pamene matiresi, madzi ndi ophika zinkabwera mochedwa kapena osabwera n'komwe.

Makolo athu ankadziwa kubindikiritsa munthu. Mayi akachira, amakhala m'chikuta ndi khanda lake mpaka mchombo utagwa, ndipo si aliyense amene amaloledwa kulowamo. Koma palibe mudzi umene unkatsekera mayiyo n'kumuiwala. Anamkungwi ndi achibale ankamuphikira phala, kumutungira madzi, kumusonkhezera moto ndi kumuchapira nsalu. Lamulo loti asatuluke linkayenda limodzi ndi udindo wa ena woti asasowe kanthu, ndipo palibe amene ankaona ziwirizi ngati nkhani zosiyana.

Mfundo yomweyi inalembedwa m'malamulo a zaumoyo a mayiko onse a 2005, amene mayiko 196, kuphatikizapo Malawi, anavomereza pansi pa bungwe la WHO. Gawo 32 limanena kuti wapaulendo wobindikiritsidwa azilemekezedwa monga munthu, azipatsidwa chakudya ndi madzi okwanira, pogona ndi zovala zoyenera, chithandizo cha mankhwala, njira yolankhulira ndi abale ake, ndiponso katundu wake azitetezedwa. Gawo 40 limaletsa kulipiritsa wapaulendo chifukwa chomubindikiritsa, kupatula amene akudzakhazikika m'dzikomo. Gawo 43 limafuna kuti malamulo owonjezera azitsamira pa umboni wa sayansi ndipo asamakhwime kuposa mmene zikufunikira. Makhoti athu nawo anagunda pomwepo. Pa 17 Epulo 2020 Khoti Lalikulu, kudzera mwa Justice Kenyatta Nyirenda, linaimitsa mbindikiro wa dziko lonse wa masiku 21 umene unayenera kuyamba tsiku lotsatira, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho oweruza anagamula kuti malamulowo ankasemphana ndi malamulo aakulu a dziko, mwa zina chifukwa boma silinakonze njira yoti osauka adyere ali m'nyumba. Walira mvula walira matope: amene akufuna chitetezo cha mbindikiro avomerenso mtengo wake.

Boma litaona kuti kusunga aliyense n'kovuta, linkauza ambiri kuti akadzipatule kunyumba masiku 14. Papepala ndi malangizo abwino. Koma taganizirani nyumba ya zipinda ziwiri ku Ndirande kapena ku Mtandire, mokhala anthu asanu ndi awiri, chimbudzi ndi bafa zogawana ndi mabanja ena atatu a lendi, madzi ogula pakiyosiki. Taganiziraninso kumudzi, kumene munthu wochokera ku Joni salowa m'nyumba mwakachetechete. Akangotsika panjinga ya kabaza, ana amathamangira kukalandira zikwama, amayi amalulutira, anansi amabwera mmodzimmodzi kudzagwira chanza ndi kufunsa kuti, "Mwayenda bwanji? Nanga anzathu mwawasiya bwanji kumeneko?" Nkhuku imaphedwa, anthu amadyera pamodzi. Kuuza mwana amene wakhala zaka zisanu osaona amayi ake kuti akhale patali nawo masabata awiri n'kotheka, koma pamafunika mfumu, abusa kapena shehe, ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo atalankhula ndi banjalo iye asanafike. Kapepala kosainira pa boda sikangachite ntchito imeneyo.

Ku Taiwan anachita zimenezi mwadongosolo. Wobwera kuchokera kunja ankabindikira masiku 14, akuluakulu a m'dera lake ankamuimbira foni tsiku ndi tsiku, ndipo boma linkapereka ndalama zokwana madola 1,000 a dzikolo patsiku kwa wobindikira amene wataya malipiro. Chindapusa cha wophwanya lamulo chinali chachikulu, mpaka madola 1 miliyoni a kumeneko. Chilango chotere chimamveka chachilungamo pamene boma layamba lachita mbali yake. Malawi sakanakwanitsa ndalama zotere, komabe thumba la ufa, nyemba, sopo, mayunitsi a foni ndi kuyenderedwa ndi mlangizi wa zaumoyo ndi zinthu zotsika mtengo poyerekeza ndi bedi limodzi la okosijeni.

Ndalama pazokha sizitsimikiziranso kuti zinthu ziyenda bwino. Dziko la Australia linayamba kubindikiritsa apaulendo m'mahotela kumapeto kwa Malichi 2020. Ku Melbourne ntchito yolondera mahotelawo inaperekedwa kwa alonda a makampani amene sanaphunzitsidwe mokwanira za kupewa matenda. Kachirombo kanachoka kwa alendo kupita kwa ogwira ntchito, kenako kumabanja awo, ndipo kafukufuku wotsogozedwa ndi woweruza wopuma Jennifer Coate anaonetsa kuti funde limene linapha anthu oposa 700 m'chigawo cha Victoria linayambira m'mahotelamo. Phunziro lake ndi lofanana ndi la apolisi a pa Kamuzu Stadium amene analibe zodzitetezera. Mlonda, wokolopa, wophika ndi dalaivala wa basi ndi mbali ya mpanda wotchinga matenda, ndipo akanyalanyazidwa mpandawo umabooka pomwepo.

Dziko la Britain linasankha njira yolipiritsa. Kuyambira pa 15 Febuluwale 2021, wochokera kumayiko amene anaikidwa pamndandanda wofiira ankakhala masiku 10 m'hotela yosankhidwa ndi boma n'kulipira yekha mapaundi 1,750, ndipo mu Ogasiti mtengowo unakwera kufika 2,285. Malawi anali pamndandandawo kwa miyezi yambiri ya chaka chimenecho. Kwa nesi, wosamalira okalamba kapena wophunzira wa Chimalawi wokhala ku Manchester kapena ku Nottingham, uthenga wa maliro a kholo unkabwera ndi masamu owawa: tikiti ya ndege, kuyezetsa kangapo, malipiro a masabata awiri otayika, ndi ndalama ya hotela. Ambiri anaonera maliro a makolo awo pafoni. Lamulo likamalipiritsa motere, wolemera amayenda ndipo wosauka amakhala, chonsecho kachirombo sikasankha thumba la munthu. Chitetezo chimene mbindikiro umabweretsa ndi cha anthu onse, choncho n'chilungamo kuti mtengo wake ugawidwe kwa onse.

Pali chinanso chimene dziko ngati lathu liyenera kuvomereza. New Zealand ndi Taiwan ndi zilumba, zolowera zake ndi mabwalo a ndege ndi madoko owerengeka. Malawi wazunguliridwa ndi Mozambique, Zambia ndi Tanzania, ndipo malire athu ambiri ndi mizere yodutsa pakati pa minda ya anthu a mtundu umodzi. Pa Lizulu m'boma la Ntcheu, msewu waukulu ndiwo malire, moti wogula kabichi amawoloka kupita ku Mozambique n'kubwerera asanamalize kutsutsana mtengo. Ku Mchinji, ku Chitipa ndi ku Mulanje anthu amakwatirana, kulima ndi kuika maliro mbali zonse ziwiri. Mafuta, feteleza ndi mankhwala zimabwera pamagalimoto ochokera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban, ndipo madalaivala ake sangasungidwe masabata awiri ulendo uliwonse dziko osaima.

M'malo otere, mphamvu ya boma pachipata imadalira kufuna kwa wapaulendo kudutsa pachipatapo. Mbiri ikamveka ku Joni kuti pa Mwanza anthu akugona ndi njala podikira zotsatira, wotsatira amatsika basi asanafike pa boda n'kulipira womudutsitsa njira zozemba. Akatero salembedwa dzina, sayezedwa, ndipo akadwala amabisa kumene wachokera. Lamulo lokhwima kwambiri likhoza kuchepetsa chiwerengero cha anthu amene boma likuwaona, osachepetsa chiwerengero cha olowa. Kwa ife, kusamalira bwino wobindikiritsidwa ndi njira yokhayo yochititsa kuti anthu azibwera okha poyera.

Chikhulupiriro chimenechi chimaonongekanso anthu akaona kuti lamulo likugwira ena n'kusiya ena. M'masabata omwe obwera kuchokera ku Joni ankasungidwa, dziko linali pa kampeni ya chisankho cha pulezidenti cha pa 23 Juni 2020, ndipo misonkhano ya mbali zonse inkadzaza mabwalo ndi anthu zikwizikwi. Chisankhocho chinali chofunika, ndipo chinalamulidwa ndi khoti. Komabe munthu wosungidwa kuseri kwa mpanda, akumva zimkuzamawu za msonkhano zikudutsa mumsewu, sakanalephera kufunsa chifukwa chimene iye yekha ndiye woopsa. Mawu akuti "obwera ndi matenda" anamatirira anthu amene dzulo lake ankatchedwa odyetsa mabanja, ndipo ena anasalidwa m'midzi yawo yomwe. Funde lachiwiri litafika mu Januwale 2021, n'kutenga nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, tsiku limodzi pa 12 Januwale, zinali zoonekeratu kuti matenda ali pakati pathu ndipo sakufunanso pasipoti.

Apa ndi pamene pali malire a mbindikiro wa apaulendo. Umathandiza kwambiri matenda asanalowe kapena akadali ochepa. Umagula nthawi yoti zipatala zikonzeke, okosijeni apezeke, katemera afike. Matenda akafalikira m'misika ndi m'matchalitchi, wapaulendo mmodzi sawonjezerapo zambiri, ndipo azaumoyo amene akulondera alendo amafunika kwambiri kuzipatala. Boma lanzeru limadziwa tsiku loyamba lamuloli, limadziwanso chizindikiro chimene lidzaonere kuti nthawi yolichotsa yakwana.

Nkhani ya Omicron inaonetsa zimene zimachitika mantha akalowa m'malo mwa kulingalira kotere. Mu Novembala 2021 akatswiri a ku Botswana ndi South Africa, kuphatikizapo Sikhulile Moyo ndi Tulio de Oliveira, anazindikira mtundu watsopano wa kachiromboka n'kudziwitsa dziko lonse mwachangu. Bungwe la WHO linautcha Omicron pa 26 Novembala. M'masiku ochepa Britain, United States ndi mayiko ena ambiri anatsekera kapena kubindikiritsa apaulendo ochokera kummwera kwa Africa. Malawi anaikidwa pamindandandayo asanalengeze n'komwe kuti wapeza munthu wa mtundu umenewu. Posakhalitsa akatswiri a ku Netherlands anapeza Omicron m'zoyeza zimene zinatengedwa kwawo pa 19 ndi pa 23 Novembala, ziletso zisanayambe. A Lazarus Chakwera, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa dziko lino komanso wapampando wa SADC, anadzudzula ziletsozo poyera, nati malamulo a mliri azichokera pa sayansi osati pa kuopa ndi kusala anthu a ku Africa. Britain inachotsa mayiko onse 11 pamndandanda wofiira pa 15 Disembala, itavomereza kuti Omicron wafalikira kale m'dzikomo, ndipo United States inachotsa chiletso chake pa 31 Disembala.

Kuchita changu pa chinthu chosadziwika bwino si tchimo, ndipo boma lililonse limayamba laganizira anthu ake. Vuto linali lakuti chiletso chinatsata mapu a dera m'malo motsata kumene kachirombo kanapezeka. Mayiko a ku Ulaya amene anali ndi odwala Omicron sanatsekeredwe chimodzimodzi. Amene ananena zoona mofulumira ndi amene analangidwa, pamodzi ndi anansi awo, pa nyengo ya Khirisimasi imene mahotela a kunyanja ndi malo osungira nyama amadalira alendo. Kuopsa kwa zimenezi n'kwa mtsogolo. Nduna ya zaumoyo ya dziko losauka ikadzalandira lipoti la kachirombo kachilendo, idzakumbukira zimene zinachitikira South Africa. Dziko lonse lapansi limatetezedwa ndi mayiko amene amaulula msanga, monga mmene mudzi umatetezedwera ndi wapaulendo amene amanena zoona za kumene wachokera. Onse awiri amaulula ngati akudziwa kuti kunena zoona sikuwabweretsera chilango.

Palinso ufulu wobwerera kwanu, umene suyenera kufafanizidwa ngakhale pa mliri. New Zealand inapulumutsa miyoyo yambiri ndi malo ake obindikiritsira, koma zipinda zinali zochepa moti nzika zake zinkachita kupikisana pa intaneti mwamaere kuti zipeze malo, ndipo mu Epulo 2022 Khoti Lalikulu la kumeneko linapeza kuti mbali zina za dongosololi zinaphwanya ufulu wa nzika wolowa m'dziko lawo. Australia, mu Meyi 2021, inafika poopseza ndi ndende nzika zake zobwera kuchokera ku India. Pa mfundo iyi Malawi anachita bwino: sanatsekere ana ake kunja. Mabasi analoledwa kulowa ngakhale zinali zodziwika kuti ena mwa okweramo akudwala. Chimene chinaperewera ndi kukonzekera kuwalandira.

Bungwe la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Koma Ebola, Marburg ndi mpox zakhala zikubuka m'mayiko oyandikana nafe, ndipo tsiku lina funso la wapaulendo lidzabweranso pa Mwanza, pa Songwe, pa Dedza, pa Mchinji ndi pabwalo la ndege la Kamuzu. Covid-19 inatipeza tikudalira lamulo la zaumoyo la 1948, lolembedwa nthawi ya atsamunda, ndipo malamulo a mliri anachita kulembedwa mothamanga. Zoyenera kukonza sizobisika. Malo osungirako anthu adziwike pasadakhale, okhala ndi madzi, zimbudzi zokwanira, ndi zipinda zolekanitsa odwala, odikira zotsatira, amayi ndi ana. Zipangizo zoyezera zikhale pa boda pomwepo kuti kudikira kukhale kwa maola. Apolisi, azaumoyo ndi ophika aphunzitsidwe ndi kupatsidwa zodzitetezera. Uthenga uzifika kwa Amalawi a ku Joni asanakwere basi, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, wofotokoza zimene akakumane nazo ndi masiku ake. Ndipo lamulo linene momveka kuti munthu angasungidwe masiku angati, amudyetsa ndani, ndipo akaona kuti walakwiridwa akadandaule kuti.

Zonsezi zimafuna ndalama, ndipo ndalamazo zidzapikisana ndi mankhwala a malungo ndi malipiro a anamwino. Aphungu akamakambirana bajeti pa nthawi imene kulibe mliri, n'kosavuta kuziika pambali. Koma mtengo wa kusakonzekera tinauona kale, ndipo unagwera anthu a m'maminibasi ndi m'midzi imene othawa aja anafikira. Ngati tidzapemphenso mwana wa dziko lino kuti aime pachipata chifukwa cha moyo wa tonsefe, tidzakhale titakonzeratu zomusamalira, kuti pempholo lidzakhale loti munthu wanzeru ndi wokonda abale ake angalivomere ndi mtima wonse.